Mbili ya Bambo Webster Nyendwa, Amene Pompi Yao Inalibe Loko

Abambo ansembe, akuluakulu a mipingo, oimila mafumu, akubanja, ndi inu nonse amene mwapelekeza m'bale wathu kuno kumanda, iyi ndi mbili ya malemu Bambo Webster Nyendwa. Anabadwa m'chaka cha 1956 ku Luembe, m'boma la Nyimba, ndipo atisiya Lolemba lapitali. Nyumba yao ili kuno ku Petauke, m'komboni ya kuseli kwa msika.

Wowelenga ndine Josphat Chileshe, Mbemba wa ku Kasama amene anabwela kuno ndi ntchito ya positi n'kuiwala njila yobwelela. Akubanja sanasowe munthu wodziwa kuwelenga. Asankha ine chifukwa ndine mbuya wao, ndipo mwambo wa chimbuya mumaudziwa: pa malilo a anthu akum'mawa, Mbemba amaloledwa kunena zimene wachibale atazinena pangabuke ndeu. Pali nkhani imene yakhala ikuyenda chapansipansi kuyambila tsiku limene tinasonkhana kunyumba ya malilo. Amai Nyendwa apempha kuti amuna ao asakwililidwe nkhaniyo isananenedwe poyela. Ndiye inenedwa, ndipo wofuna kukwiya akwiyile ine.

Malemu anali mwana wachitatu mwa ana asanu a Bambo Benson Nyendwa ndi akazi ao, alimi a chimanga ndi nshawa. Ku Luembe chilimwe chikafika pakati, timitsinje timauma ndipo azimai amafukula mchenga kuti apeze madzi. Amai ao a malemu akafukula kachitsime kao, ankasiyapo chikho kuti wodutsa asavutike kupempha. Sikuti anali okha ochita zimenezi. Kumeneko wofukula chitsime sakhala mwini madzi, ndipo womana mnzake madzi amakambidwa mudzi wonse. Malemu anakula akudziwa kuti anthu amakhala motelo, ndipo ngakhale atakhala m'tauni zaka zambili palibe anakwanitsa kuwachotsa zimenezi m'mutu.

Sukulu anaiyambila kwao konko, kenaka amalume ao anawatenga kukapitiliza ku Nyimba. Sekondale anaphunzila kuno ku Petauke, ndipo anatsiliza Fomu 5 mu 1975. Masamu sanali abwenzi ao, izi ankavomela okha. Mphatso yao inali makutu ndi lilime. Chinsenga cha kwao, Chinyanja ndi Chingelezi ankazisinthanitsa osapunthwa. Chibemba nacho ankati amachidziwa, koma ine mwini chinenelo ndikuchitila umboni kuti ankachilankhula ngati munthu amene ali ndi mbewa m'kamwa.

Mu 1978 analembedwa ntchito yomasulila kukhoti. Anayambila ku Chipata, anabwela ku Nyimba, ndipo anatsilizila kuno, kumene anapuma mu 2011. Pa ntchitoyi anali ndi lamulo lao limodzi: mau a munthu ankawapeleka mmene atulukila, osawafewetsa ndiponso osaonjezapo. Tsiku lina mlandu wa ng'ombe unagwela amalume ao omwe aja anawaphunzitsa. A Nyendwa anauza woweluza kuti munthuyo ndi m'bale wao, koma womasulila wina panalibe, ndipo anauzidwa kupitiliza. Anamasulila zonse, ndi zija zomwe zinawagwetsa amalume aowo. Abale a ku Luembe sanawalankhule kwa nthawi yaitali. Ambili ankati ndi munthu wouma mtima, koma amene tinakhala nao pafupi tikudziwa kuti zinthu zotele zinkawadya m'kati, kungoti sankaonetsa.

Mu 1982 anamanga ukwati woyela ndi Amai Bernadette Mvula a ku Nyampande, mai wa dimba amene lepu ndi matimati ake ambili a inu mwadya. Mulungu anawapatsa ana anai. Mu mpingo wa Katolika malemu anatumikila ngati mkulu wa mphakati ndiponso wowelenga mau. Kwaya anailowa kawili, ndipo kawili konse anapemphedwa mwaulemu kuti akatumikile Mulungu mwa njila ina.

Atamanga nyumba yao m'komboni, anali oyamba mumzele wao kukokela madzi pakhomo. Pompi imeneyo sinaonepo loko. M'mawa uliwonse zigubu za aneba zinkandandalika kuchokela pa pompi kufika pa geti. Amai Nyendwa akadandaula kuti bwalo lasanduka matope, malemu ankangobweletsa njelwa n'kuyala kuti otunga apeze popondapo. Pakutha pa mwezi ena ankaponyako kangachepe, ena ai, ndipo palibe amene ankafunsidwa.

Atapuma ntchito, analowa m'gulu la alonda a madzi, kumene ine ndinawapeza. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ena pano mumangoti ndife antchito a kampani. Kampani ya madzi siingakweze mtengo yokha. Iyenela kupempha chilolezo kwa bungwe la ku Lusaka loyang'anila makampani a madzi, ndipo bungwelo lisanayankhe liyenela kumva anthu otunga madziwo. Popeza Lusaka ndi kutali, limakhala ndi anthu odzipeleka m'matauni oti akhale maso ndi makutu ake. Malipilo kulibe. Ntchito yake ndi kutenga madandaulo anu, kupita nao ku kampani, ndipo kampani ikagontha, kuwakweza ku Lusaka. A Nyendwa ataikidwa kukhala wapampando, akumaofesi a kampani ankati akawaona pa geti, ena ankakumbukila mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kumapampu. Anamenyela anthu amene ankalandila bilu pompi ili youma mwezi wonse. Anamenyela amene mita yao inkawelengedwa munthu ali khale pansi pa mtengo. Koma akapeza wina waboola paipi kuti athilile dimba, kapena wakokela madzi kuseli kwa mita, ankamudzudzula pamaso n'kukamunenela. Motelo kampani sinkawakonda, ndipo ife otunga sitinkawakonda tonse.

Nkhani imene inawasowetsa mtendele zaka zonsezi ndi ya makwelelo. Mtengo wa madzi unakonzedwa ngati makwelelo. Madzi oyamba ochepa, okwanila banja limodzi kumwa, kuphika ndi kusamba, ndi otchipa. Ukapitilila pamenepo, dilamu lililonse limadula kuposa loyamba, ndipo ukafika pamwamba umalipila mtengo wa anthu othilila kapinga ndi otsuka magalimoto. Amene anakonza izi ankafuna kuteteza osauka, ndipo tisawanyoze. Koma ankaganiza kuti pompi imodzi ndi banja limodzi. Kuno pompi imodzi imamwetsa zitseko khumi, chifukwa tinaleledwa kuti mnzako sumumana madzi. Mita sidziwa zimenezi. Imangoona munthu mmodzi wolemela pamalo pamene pali mabanja khumi osauka, ndipo imawakweza onse pamwamba. A Nyendwa ankati sizingatheke kuti munthu alangidwe chifukwa chotsegulila aneba geti. Anaikamba nkhaniyi pamsonkhano uliwonse mpaka akuluakulu anatopa nao.

M'zaka zomwezo mwana wao wamwamuna, Cosmas, anapeza ntchito ku kampani yomweyo, yowelenga mamita ndi kutseka madzi. Anaipeza yekha, atalemba mayeso ngati wina aliyense. Bambo ake sanasangalale, chifukwa anadziwa zimene anthu adzanene. Koma mwanayo anali ndi mkazi ndi ana, ndipo ntchito m'tauni muno mukudziwa mmene ikusowela. Anangomuuza kuti pa ntchito sadziwana.

Tsopano tafika pa msonkhano wa m'holo ya khonsolo, umene ambili a inu munalipo. Chitatha chilala chija, magetsi akuzimazima, kampani inapempha kukweza mtengo, ndipo a ku Lusaka anabwela kudzamva anthu. Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Akuluakulu a kampani anayamba kufotokoza m'Chingelezi, manambala okhaokha, ndipo anthu anayamba kuwowoza. A Nyendwa sanapilile kuona anthu akukwiyila chinthu chimene sanachimve. Ananyamuka, anakwela kutsogolo, naima pambali pa akuluakuluwo n'kuyamba kumasulila, monga mmene ankachitila kukhoti, osafewetsa. Mitengo yatsopano yonse munaimva kuchokela pakamwa pao.

Atatha kumasulila, analankhula ngati wapampando wa gulu lathu. Ananena kuti anapita yekha kukaona mapampu, ndipo ndi zoona kuti ndi okalamba, kuti magetsi ndi mankhwala othila m'madzi zadula, ndi kuti kukana zonse kudzatipatsa mapaipi otchipa koma ouma. Ananena kuti gulu likuvomela kuti mtengo ukwele. Pamenepo mabenchi anayamba kugwa. Anthu anatuluka akutukwana, ndipo mbali yachiwili ya mau ao inamvedwa ndi ife ochepa amene tinatsala. Mbali imeneyo inali yakuti gulu likuvomela pokhapokha pompi iliyonse yotungapo mabanja ambili ilembedwe ndi kulipilitsidwa pa khwelelo lapansi, ndiponso mtengo wa pa kiyosiki, pamene anthu amagula madzi a m'zigubu, usakhudzidwe. Anali ataona kuti aka ndi koyamba kampani kufuna kanthu kwa ife, ndipo ngati nkhani ya makwelelo siitheka tsopano, siidzathekanso. Pofika madzulo tauni yonse inali itamva kuti a Nyendwa agulidwa, ndipo mtengo wake ndi ntchito ya mwana wao.

A ku Lusaka anavomeleza zonse ziwili: mtengo ukwele, ndipo kampani ilembe mapompi otungapo ambili. Mtengo watsopano sunachedwe, unayamba pakutha pa mwezi womwewo. Kulemba mapompi sikunayambe. Lelo kulibe galimoto, mailo wolemba ali pa tchuthi. Mabilu atafika, eni mapompi anaona zimene sanazionepo, ndipo anathamangila kumsika. Ogulitsa maloko sanapangepo malonda ngati mwezi umenewo. Malemu sanawaweluze eni mapompiwo, ndipo inenso sindikuwaweluza. Ambili ndi amasiye ndi opuma ntchito amene amadalila lendi ya tizipinda tiwili. Koma azimai a lendi anadzuka n'kupeza pompi imene atungapo zaka zonse ili ndi loko. Kiyosiki ili kutali, ndipo imatulutsa madzi pokhapokha magetsi akalipo.

Pompi yopanda loko inatsala imodzi. Mzele wa zigubu unatuluka pa geti ya a Nyendwa n'kufika kumseu. Ndinene mosabisa, popeza ndine mbuya: milomo ina imene inkawatukwana masana pamsika ndi yomwe inkapeleka moni pa pompi yao m'mawa. Malemu ankadziwa, ndipo sanabweze munthu. Mita yao inakwela kufika pamwamba penipeni, ndipo penshoni ya womasulila wa kukhoti sinakwanitse. Anakadandaula ku ofesi monga mmene ankadandaulila wina aliyense, anaima pamzele, ndipo anauzidwa kuti adikile kulemba kuja. Posakhalitsa dzina lao linalowa pakati pa oyenela kutsekeledwa madzi, ndipo ntchitoyo inagwela Cosmas.

Cosmas anafika pakhomo la makolo ake m'mawa, azimai ali pamzele. Anali ataganiza kale chochita. Anthu a ntchito yake ali ndi njila zao: umanena kuti unapeza geti yokhoma, kapena galu wolusa, ndipo nyumbayo imalumphidwa mwezi umenewo. Anawatengela bambo ake kuseli kwa nyumba n'kuwauza zimenezi. Amai ake analipo, ndipo anagwilizana ndi mwana wao. Malemu anayankha kuti: "Cosmas, tseka. Ukandilumpha ine lelo, wa pakhomo lotsatila ukamutsekela ndi nkhope yanji? Ndipo ine mailo ndikaimilila m'holo muja ndidzakhala ndilibe pakamwa." Anapempha kuti amene anali pamzele adzaze kaye zigubu zao. Womaliza atatunga, Cosmas anagwada natseka madzi a bambo ake, azimai akuyang'ana. Amai Nyendwa andilola kunena kuti anakhala nthawi yaitali akuwapatsa amuna ao chakudya osawalankhula.

Azimai aja anatsikila kudambo, kumunsi kwa komboni, kumene kuli zitsime zosaya pafupi ndi zimbudzi. Mvula itayamba, matenda otsegula m'mimba analowa m'makomo. Ambili anachila. Koma Amai Juliet Daka, amene amachita lendi mumzele womwewo ndipo ankatunga kwa a Nyendwa, anataya mwana wao wamkazi, Tamara, amene anali atangoyamba kuyenda. Malemu ananyamula mtolo wa nkhuni kupita ku malilo a mwanayo. Achinyamata anawatsekela njila pa geti n'kuwauza kuti abwelele kwa anzao a kampani. Malemu anatula nkhunizo m'mbali mwa mseu n'kubwelela kunyumba.

Mlungu womwewo anandiuza mau amene sindinawauzepo munthu kufikila lelo. Anati akanamumvela Cosmas, pompi ikanakhala yotsegula mwezi wina, ndipo mwina mwana uja akanakhala moyo. Anati anasunga dzina lao, koma wolipila anakhala mwana wa eni ake. Ndinawatsutsa. Ndinawauza kuti amene anachedwetsa kulemba mapompi si iwo, amene anagula maloko si iwo, amene anakumba zimbudzi pafupi ndi dambo si iwo. Anandimvela mpaka ndinatsiliza, koma sanavomele. Ndipo inenso, nditaimilila pano pafupi ndi bokosi lao, sindingakuuzeni motsimikiza ngati anachita bwino tsiku lija kapena ai. Chimene ndingakuuzeni ndi chakuti munthu wogulidwa satsekeledwa madzi ndi mwana wake, ndipo salila mwana wa mneba mmene analilila mkuluyu.

Kuyambila pamenepo sanakhalenso pansi. Anali kale ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo achipatala anawauza kuti apume. Iwo anayamba kukwela mabasi. Ku Chipata, kumene kuli akuluakulu a kampani, ankakhala pa benchi kuyambila m'mawa mpaka wina awalandile. Ku Lusaka ankagona kwa mwana wao Vivian n'kulawilila ku ofesi ya bungwe lija, miyendo itatupa moti nsapato ankazivala chopondela kumbuyo. Akubungwe anawauza zoona. Anati mphamvu ali nazo: angathe kulamula kampani kuti ilembe mapompi, ibweze zimene inalipilitsa mopyola, ndipo angathe kukana pempho lachiwili lokweza mtengo, limene kampani yapeleka kale. Koma sangagamule pa mau a nkhalamba imodzi. Ayenela kumva eni mapompi ndi otunga akulankhula okha.

Apa ndiye panali povuta. Malemu anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti a ku Lusaka akabwela adzalankhule. Zitseko zambili zinatsekedwa iwo ali pakhonde. Ena anawauza kuti msonkhano woitanidwa ndi a Nyendwa anaulawa kale. Ankabwelela kunyumba, kumwa madzi amene akazi ao atunga ku kiyosiki, n'kuyambanso tsiku lotsatila. Amai Nyendwa ataona mmene amuna ao akuthela, mkwiyo wao unasungunuka, ndipo anayamba kuwapelekeza.

Mwezi watha, akutsika basi yochokela ku Lusaka, anagwa pa siteshoni. Anawatengela kuchipatala cha boma, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa, ndipo akubanja akuwathokoza. Mbali imodzi ya thupi inali itafooka, koma nzelu zinalipo ndipo mau ankatuluka pang'onopang'ono. Ali m'chipatala momwemo, foni inabwela yakuti a ku Lusaka avomela kubwelanso ku Petauke, ndipo adzakhala m'holo ya khonsolo Lachinai likubwelali, m'mawa. Amai Nyendwa atawauza, malemu anawagwila dzanja n'kunena kuti: "Mukawauze abwele. Akanditukwanile momwemo, koma abwele." Lolemba m'mawa anatsikila kuli chete, atalandila masakalamenti a odwala.

Zimene zinachitika kunyumba ya malilo mukuzidziwa, koma zinenedwe. Kuno mfuu ya malilo ikamveka, azimai a pafupi safunsa kuti wamwalilayo anali wotani. Amanyamula nkhuni ndi madzi n'kupita. Lolemba lija abale anafika kuchokela ku Luembe ndi ku Nyampande, a mphakati anafika, koma madilamu anakhala opanda kanthu tsiku lonse. Pakhomo pamene komboni yonse inatunga zaka makumi atatu panalibe madzi ophikila alendo. Aneba ankasuzumila pampanda. Cosmas anatenga wilibala kupita ku kiyosiki, mwana wofedwa, ndipo m'njila palibe anamulandila. Anzake a kuntchito, pomumvela chisoni, anabwela kudzanena kuti angathe kutsegula pompi mpaka malilo atathe. Amai Nyendwa, omwe aja anakwiyila amuna ao chifukwa cha pompi yomweyi, anawathokoza n'kukana. Anati pompi imeneyo idzatsegulidwa tsiku limene maloko a m'komboni adzachotsedwe.

Lachiwili m'mawa, pa geti panalowa mai mmodzi atasenza chigubu. Anali Amai Juliet Daka, amake Tamara. Sanapeleke moni, sanalowe m'nyumba kukalila. Anakhuthula madzi m'dilamu n'kubwelela ku kiyosiki, ndipo anabwelanso ndi ena. Pobwela ulendo wotsatila, kumbuyo kwao kunali azimai ena, ndipo pofika masana madilamu anali odzaza. Ndinapita kukawapempha chilolezo chotchula dzina lao ndi la mwana wao pano. Anandiuza kuti nditchule. Anati ndisaname kuti akhululuka, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti akhululukile ndani. Chimene akudziwa ndi chakuti pamene mapompi onse anali ndi maloko, geti imodzi inali yotsegula. Anatinso Lachinai adzapita kuholo kukanena za Tamara, ngakhale atakhala okha.

Abambo a ku kampani, takuonani, mwabwela ndi nkhata ya maluwa ndipo akubanja ailandila. Palibe akukuthamangitsani, mwabwela kudzalila ndi mnzanu Cosmas. Koma Lachinai mubwele ndi mayankho, chifukwa amene ankakufewetselani holo pomasulila ndi uyu tikumuika lelo. Inu eni mapompi, mubwele ndi mabilu anu, ndipo musachite manyazi ndi maloko, mudzanene chimene chinakuchititsani kuwagula. Inu otunga, mudzanene kumene mukutunga tsopano. Holo ikakhala yopanda anthu, a ku Lusaka adzabwelela n'kulemba kuti ku Petauke kulibe dandaulo, mtengo udzakwelanso, ndipo mvula ikubwelayi idzatipeza tili kudambo.

Tikachoka pano tikasamba m'manja pa geti ya nyumba ya malilo, monga mwa mwambo. Madzi amene mukasambewo anatunga ndi Amai Daka ndi anzao, ndipo amene akakuthilileni ndi Cosmas. Amai ake apempha kuti mukamuyang'ane kumaso.

Bambo Webster Nyendwa asiya akazi ao, Amai Bernadette Mvula Nyendwa. Asiya ana anai: Vivian wa ku Lusaka, Cosmas wa kuno, Tamandani amene akulima ku Kaumbwe, ndi Jennipher, mphunzitsi ku Nyimba. Asiya adzukulu asanu ndi anai. Asiya mlongo wao mmodzi, Amai Josephine a ku Luembe, ndi mng'ono wao, Bambo Abednego, pamodzi ndi ana a alongo ao amene anawalela ndi kuwaphunzitsa. Asiyanso pompi yotsekedwa, imene mwini wake sanaiikepo loko.

A Nyendwa, mbuya wanga, mwatimasulila kokwanila. Lachinai tikalankhula tokha. Mulungu amene munamutumikila akulandileni, ndipo ife otsala tinene pamodzi kuti: apumule mu mtendele.